Agogo, kodi ameneyu ndi wathu?

Lero ndalemba motalika, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu simukondwera nazo. Ndikupemphani kuti muyambe mwawerenga mpaka kumapeto musanakwiye. Mukafika kumapeto mtima ukadali m'mwamba, kunyumba kwanga mukukudziwa, mpando ulipo.

Loweruka lapitali mdzukulu wanga wa zaka 8 adandiumiriza kuti ndimuperekeze ku mpira. Timu ya kwathu kuno, imene sinditchula dzina, inkalandira alendo. Chigawo choyamba chili mkati, mnyamata wina wotchinga kumbuyo adafuna kubwezera mpira kwa goloboyi wake, koma mpirawo udachepa mphamvu, mlendo adautola nkugoletsa. Aliyense amene adamenyapo chikulunga ali mwana akudziwa kuti zotere zimachitika. Koma kuyambira pamenepo, mpira ukangofika paphazi la mnyamatayo, mbali yonse imene tidakhala inkayamba kuwowoza. Ena malikhweru, ena kukuwira kochi kuti amutulutse, ena mpaka kutchula mayi ake omubala ndi mawu amene sindingawalembe pano. Mnyamata uja adayamba kuubisalira mpira. Mnzake akafuna kumupatsira, iye ankaima kuseri kwa mdani kuti asaoneke. Ochemerera alendo ankangoseka, poti ntchito yawo tinkawagwirira ndife.

Pamenepo mdzukulu wanga adandikoka malaya nati, “Agogo, kodi ameneyu ndi wathu kapena ndi wa enawo?” Ndidasowa chomuyankha. Chimene chidanditseka pakamwa nchakuti nditacheuka, pakati pa okuwawo ndidaona nkhope zozidziwa. Ena timakhala benchi limodzi Lamulungu. Wina ndidakhalapo nkhoswe ya ukwati wake. Anthu aulemu wawo, amene sangadutse munthu wamkulu panjira osagwira m'manja, adali ataimirira, mitsempha ya m'khosi ili gwa, akutukwana mwana wa msinkhu wa ana awo, atavala malaya a mtundu womwewo umene mwanayo adavala.

Ndiyambe ndi kudziulula, kuti pasapezeke wonena kuti mkuluyu akudziyesa wolungama. Inenso ndidakuwizapo. Ndili mnyamata ku Blantyre tinkalawirira kukaima pamzere pa Kamuzu Stadium kuti tipeze malo kumasitandi osafolera aja tinkati a Biafra, ndipo pakamwa panga padatulukapo mawu amene lero ndikawakumbukira ndimachita manyazi. Choncho zimene ndikulembazi sindikuzimvera kwa anthu. Ndikuudziwa mtima wa munthu wokuwiza timu yake chifukwa ndidakhala nawo, ndipo funso la mdzukulu wanga ndikufuna ndiliyankhe pamaso panu.

Choyamba tivomereze kuti munthu sakuwiza timu imene alibe nayo kanthu. Ukaonera matimu awiri osawadziwa, wina akaphonya chigoli umangoseka. Kukuwiza kumachokera pamalo omwewo pamene pamachokera kuvina. Amene muli ndi zaka mukukumbukira pa 11 January 2010, pamene Flames ya Kinnah Phiri idathibula Algeria 3-0 ku Luanda, zigoli za Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Tidali titakhala zaka 26 osaponda ku mpikisano wa Africa Cup of Nations, chichokereni mu 1984. Tsiku limenelo anthu osadziwana adakumbatirana m'misewu. Achinyamata mukukumbukira pa 25 January 2022 ku Yaoundé, pamene Gabadinho Mhango adaponya mpira ali kutalitali ukagwera mu ukonde wa Morocco, masewero atangoyamba kumene. Tidagonja 2-1, koma palibe adagona ndi manyazi, ndipo Morocco yomweyo chaka chisanathe idafika mu ndime ya matimu anayi pa World Cup. Munthu amene adalawapo chimwemwe choterocho amachifunanso. Akapanda kuchipeza amamva ngati wina wamulanda chake. Mpaka apa ndilibe mlandu ndi wina aliyense. Kupwetekedwa mtima timu yako ikagonja si tchimo.

Vuto limayamba pamene chikondicho chasanduka ngongole. Mverani mmene timayankhulira: “Ndalipira pakhomo, ndili ndi ufulu wonena zakukhosi.” Mawu amenewa ndidawamva kangapo Loweruka lija, ndipo ndikufuna ndiwayankhe mosapsatira. Ndalama yanu ndi yopweteka, sindikukana. Ena mudasiya kugula ndiwo kuti mulowe m'bwalo. Koma kodi mudagula chiyani pakhomo paja? Mukagula shuga m'golosale nkupeza kuti muli mchenga, bwererani mukakalipe, chifukwa wogulitsa adalonjeza shuga. Pa mpira palibe adakulonjezani chipambano. Kukadakhala kuti chipambano chimagulitsidwa pakhomo, alendo aja nawonso adalipira, ndiye akadapambana ndani? Chimene mudagula ndi malo oti muime pambali pa anyamata anu pamene akulimbana ndi anzawo amenenso akufuna kupambana. Tsono muyenera kusankha. Ngati ndinu kasitomala, lekani kunena kuti “tapambana”, “tagoletsa”, “chikho ndi chathu”, chifukwa kasitomala sagawana ulemu ndi mwini golosale. Ngati ndinu mwini timu, monga mumanenera mukavala malaya ake, dziwani kuti chigoli chija chidalowa kwa inunso. Simungakhale mwini pa mphindi ya 10 nkusanduka kasitomala pa mphindi ya 11.

Pali chifukwa china chimene masiku athu kudalibe, ndipo ndikuchitchula ngakhale ena achite tsinya. Kubetcha. Mnyamata amalowa m'bwalo foni ili m'manja, ndalama ya lendi kapena ya fizi ataiika kale pa masewero a matimu khumi a m'mayiko amene sadzawaona. Akafika pabwalo la kwathu mtima uli kale pa moto. Wosewera akataya mpira, iye saona mnzake amene walakwitsa, amaona wakuba amene wamupisa m'thumba. Yang'anani bwino ulendo wina, mudzaona kuti amene amayamba kukuwa kawirikawiri ndi amene maso awo akusinthana pakati pa bwalo ndi foni. Mwana wanga, ngati ndiwe mmodzi wa iwo, ndalama yako sadadye ndi wotchinga kumbuyo uja. Udaipereka wekha, ndi chala chako, kwa anthu amene adawerengera kale kuti pa mapeto a mwezi otsala ndi phindu ndi iwo. Iwowo sudzawakuwiza, poti sudziwa ngakhale kumene amakhala.

Pamenepo ndafika pa fundo yanga yeniyeni. Sitikuwiza amene walakwa. Timakuwiza amene tingamufikire.

Ambiri mwa inu mumatsatira mpira wa ku England kuposa wa kwathu, ndipo a Arsenal m'banja mwathu muno ndinu ochuluka, choncho ndikukumbutseni nkhani ya kwanu komweko. Pa 27 October 2019, Arsenal inkasewera ndi Crystal Palace pa Emirates ku London. Idatsogola 2-0 mphindi khumi zisanakwane, kenako Palace idabweza zigoli zonse ziwiri. Kochi Unai Emery adaganiza zotulutsa kaputeni wake, Granit Xhaka. Nambala yake itakwezedwa, masapota a timu yake yomwe adaomba m'manja mokondwa. Iye akutuluka mozengereza, adayamba kumuwowoza. Xhaka adakwiya, adaika dzanja kukhutu ngati akuti onjezerani, adatukwana, adavula jezi nalowa mkati osakhala pabenchi. Adalakwa, ndipo sindikumuikira kumbuyo. Koma patapita masiku ochepa adafotokoza chimene chidamufikitsa pamenepo: kwa nthawi yaitali anthu ankamulembera pa intaneti zoopseza mkazi wake ndi kufunira khansa mwana wake wamkazi, khanda limene lidali litangobadwa mwezi womwewo. Ukaputeni adamulanda.

Tsono funsani kuti Arsenal ya nthawi imeneyo inkadwala chiyani. Kodi ndi Xhaka amene ankagula osewera? Kodi ndiye ankasankha kaseweredwe? Masapota adali atatopa ndi zaka zambiri zosatenga ligi, atatopa ndi mwini timu Stan Kroenke amene amakhala ku America, atatopa ndi kochi amene sankamvetsa zimene akufuna. Koma Kroenke adali kutsidya kwa nyanja, pamene Xhaka adali pomwepo, akuyenda pang'onopang'ono pamaso pawo. Mwezi wotsatira Emery adachotsedwa ntchito. Mikel Arteta atabwera adamunyengerera Xhaka kuti asachoke. Munthu yemweyo, miyendo yomweyo, adathandiza timuyo kutenga FA Cup mu 2020. Pa masewero ake omaliza mu May 2023 adagoletsa zigoli ziwiri pamene Arsenal idagonjetsa Wolves 5-0, ndipo bwalo lomwe lija lidamuimbira nyimbo zomupempha kuti asapite. Adapita ku Bayer Leverkusen ya ku Germany, ndipo chaka chake choyamba timuyo idatenga ligi koyamba m'mbiri yake, osagonjako ngakhale kamodzi. Ndikufunsani a Arsenal: pa tsiku lija la 2019, amene adali osadziwa mpira ndani?

Tibwere kwathu. Mu 2021, pamene Flames inkalimbirana malo a ku World Cup, masewero ake a pakhomo idakasewerera pa Orlando Stadium ku Johannesburg, chifukwa m'dziko lonse la Malawi mudalibe bwalo limene oyendetsa mpira mu Africa adalivomereza. Bingu National Stadium idali itatsegulidwa mu 2017, zaka zinayi zokha m'mbuyomo. Tangoganizani, dziko lathunthu kukabwereka khonde la eni ake kuti lilandirirepo alendo. Amene adalekerera mabwalo athu kufika pamenepo sadavalepo jezi. Palibe adawaimbira likhweru. Amabwera ku mpira pa galimoto, amalowera khomo lawolawo, amakhala pamthunzi, ndipo phokoso likayamba iwo amangoyang'ana pa wotchi. Amene amalandira phokosolo ndi mnyamata amene adaphunzira mpira pa bwalo la fumbi opanda nsapato, amene sadapezepo mphunzitsi woyenera mpaka atamera ndevu, amene malipiro ake mwina sadawaone mwezi uno. Timatuma ana kumunda ndi khasu lopanda mpini, madzulo nkuwalalatira kuti mizere yakhota.

Ndipo ndinene chimene ambiri timachidziwa koma sitichitchula. Mkwiyo wambiri umene umatuluka pabwalo sudabadwire pabwalo. Munthu wagona pamzere wa mafuta, wakagula thumba la feteleza napeza mtengo wakweranso, abwana amunyoza pamaso pa anzake iye nkungoti zikomo bwana. Sabata yonse wameza. Loweruka afika pamalo amodzi okha m'moyo wake pamene angakuwe mmene angathere popanda womuchotsa ntchito. Ndikumumvetsa munthu ameneyu, ndipo ndikumumvera chisoni. Koma taonani kumene katundu wake wakamutula: pamutu pa mnyamata wosauka ngati iye yemwe, amene mawa adzakumana naye pamzere womwewo.

Ndikudziwa yankho limene ena mwakonza kale. Muti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo timu yosadzudzulidwa imagona tulo. Mwambiwo ndi woona, koma mwaugwira kumchira. Wotsina khutu amayandikira. Amakutengera pambali, amakuuza chimene walakwa, ndipo iwe umamudziwa dzina, mawa ukhoza kukamufunsa kuti afotokoze bwino. Kodi “wuuu” amaphunzitsa chiyani? Amamuuza mnyamata kuti aime pati, apatsire ndani? Wosewera amene wapereka chigoli amadziwa kulakwa kwake inu musanatsegule pakamwa. Palibe chatsopano chimene mukumuuza, kupatula chakuti ali yekha.

Sindikunena kuti masapota azikhala chete ngati nkhosa zinthu zikamaonongeka. Kudandaula kuli ndi njira yake, ndipo kukalunjika pamalo oyenera kumagwira ntchito. Mu February 2016, eni timu ya Liverpool adalengeza kuti matikiti ena akwera kufika mapaundi 77. Pa masewero awo ndi Sunderland, itakwana mphindi ya 77, masapota zikwizikwi adanyamuka nkutuluka m'bwalo. Sadatukwane wosewera aliyense. Sabata isanathe eni timu adapepesa nabweza ganizo lawo. Ndisabise, timuyo idali patsogolo 2-0 pamene anthu ankatuluka, ndipo masewero adatha 2-2, kusonyeza kuti ngakhale kudandaula kolongosoka kuli ndi mtengo wake. Koma uthenga udafika kwa mwini wake. Chimodzimodzi mu April 2021, pamene matimu akuluakulu a ku Ulaya adafuna kuyambitsa Super League yawoyawo, masapota a ku England adasonkhana kunja kwa mabwalo, ndipo m'masiku ochepa matimu onse asanu ndi limodzi a m'dzikomo adatulukamo. Kwathu kuno matimu ali ndi makomiti a masapota, ali ndi misonkhano, atsogoleri a mpira amasankhidwa pa chisankho, mawailesi amatsegula mafoni tsiku ndi tsiku. Ndi angati mwa okuwa aja adapitako ku msonkhano nkukafunsa kuti ndalama za pakhomo zimapita kuti? Kumeneko kumafuna kuimirira wekha, kutchula dzina lako, ndi kuyang'anana maso ndi munthu wa mphamvu. Nchifukwa chake kumakhala mipando yopanda anthu.

Pajatu kukuwiza kumakoma chifukwa kulibe mwini. M'chigulu munthu amabisala. Bambo amene adatchula mayi a mnyamata uja Loweruka, mutamuika m'chipinda awiriwiri ndi mnyamatayo, sangabwereze mawu amodzi. Mwina angamupemphe kuti ajambulitse naye chithunzi. Kulimba mtima kumene kumafuna anthu zikwi ziwiri kumbuyo kwako ndi mpanda wa waya kutsogolo kwako, ine ndimakutcha mantha.

Ena mumati phokoso limadzutsa osewera. Tiyeni tione. Tonse timadziwa kuti timu imasewera bwino pakhomo, ndipo mliri wa Covid-19 udationetsa chifukwa chake. Mu 2020, pamene matimu a ku Ulaya ankasewera m'mabwalo opanda anthu, kupambana kwa eni bwalo kudatsika m'maligi ambiri. Udzu udali womwewo, zipinda zovalira zomwezo, chimene chidasowa ndi anthu. Ndiye kuti mawu anu ali ndi mphamvu ndithu, ndipo ndi chida chokhacho chimene alendo sangabwere nacho chokwanira m'basi yawo. Inu mumatenga chida chimenecho nkuchipereka kwa mdani kwaulere. Wosewera wa mantha sayesa chinthu chovuta. Amaponya mpira kutsogolo kuti ungomuchoka, kapena amaubwezera m'mbuyo, kapena amabisala monga ndidaonera ndi maso anga. Mukatero mumakwiya kuti timu ikusewera mwamantha, nkuonjezera phokoso. Mvula ikakuona litsiro sikata, koma pano mvulayo ndinu.

Wina anditchulira Real Madrid, kuti kumeneko masapota adaimbirapo malikhweru ngakhale Cristiano Ronaldo, munthu amene adawagoletsera zigoli zoposa 400, ndipo timuyo yatenga chikho cha Ulaya kambiri kuposa ina iliyonse. Nzoona. Koma Real Madrid sipambana chifukwa cha malikhweru. Imapambana chifukwa wosewera akafooka imatulutsa ndalama zokwana kumanga zipatala nkugula wina. Ife tikamuswa mtima mnyamata wathu, Loweruka likudzali adzasewere pamalo pake ndani? Ndi yemweyo, kapena mng'ono wake amene adaonerera zonse ali pabenchi, ndipo waphunzira kale kuti pabwalo pano ukalakwitsa kamodzi watha.

Inu amene muli ku Joni funsani akuluakulu a kumeneko za Phil Masinga. Adali womwetsa zigoli wamtali, adasewerapo ku Leeds United ndi ku Bari ya ku Italy, koma akabwera kudzasewerera Bafana Bafana anthu a kwawo ankamuwowoza kawirikawiri, ati ndi wolemera miyendo. Pa 16 August 1997, pa FNB Stadium, ndi iye amene adaumenya mpira uja udagonjetsa Congo 1-0 nkutengera South Africa ku World Cup koyamba. Adamwalira mu January 2019 ali ndi zaka 49, ndipo dziko lonse lidamulira ngati ngwazi, chigoli chija chikuonetsedwa mobwerezabwereza pa kanema. Ndimadzifunsa kuti mwa olirawo, ndi angati adakumbukira zimene adamuchita ali moyo. Choiwala ndi nkhwangwa, chitsa sichiiwala. Wokuwiza amafika kunyumba, amadya nsima, pofika Lolemba waiwala. Wokuwizidwa amapita nazo kukagona, ndipo ena amapita nazo mpaka ku ukalamba.

Pali mtundu wina wa kukuwiza umene umandinyansa koposa, ndipo umaoneka Flames ikamasewera. Munthu amalowa m'bwalo atanyamula mbendera ya dziko, koma mkati mwa malaya akadali wa Maule kapena wa Manoma. Wosewera wochokera ku timu yake akataya mpira, amati zimachitika. Wochokera ku timu inayo akataya, amaimirira nkuyamba kufunsa kuti adamuitana ndani. Mpikisano wa Bullets ndi Wanderers ndi wokoma, ndi umene udatilera ambirife, ndipo ukhale mpaka kalekale. Koma tsiku la Flames mnyamata uja wavula zofiira kapena zabuluu za timu yake, wavala za tonsefe. Ngati sitingathe kumuona ngati wathu kwa mphindi 90 zokha, tisamadabwe tikamalephera kuonana ngati amodzi pa zinthu zolemera kuposa mpira. Dziwaninso kuti ana amene timapita nawo kubwalo akuphunzira. Mdzukulu wanga adafunsa funso chifukwa adakali wamng'ono. Akapita kasanu osamva wina akutsutsa, sadzafunsanso, adzangoimirira nawo.

Mundimvetse. Ngati wosewera akuyenda m'bwalo mwamphwayi, wafika ataledzera, kapena wagulitsa masewero, ameneyo ali ndi mlandu, ndipo pali kochi ndi komiti oti amuweruze, inunso muli ndi ufulu wowakakamiza kuti atero. Masewero akatha, ngati mtima sukulola kuomba m'manja, tulukani mwakachetechete, chete wa bwalo lodzaza amamveka kutali. Ngati kochi walephera, nenani poyera, lembani, imbani ku wailesi, mutchule zifukwa ndi dzina lanu. Chimene ndikukana ndi ichi chokha: kusankha mnyamata mmodzi amene akuyesetsa koma zamuvuta, masewero ali mkati, nkumugwetsera phiri lonse la zokhumudwitsa zanu. Kusachita bwino ndi kusafuna kuchita ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo munthu amene waonera mpira zaka zambiri amatha kuzisiyanitsa ngati afuna.

Ndimalize nkhani ya Loweruka. Chigawo chachiwiri chitangoyamba kochi adamutulutsa mnyamata uja, ndipo anthu adaomba m'manja ngati tagoletsa. Amene adalowa m'malo mwake sadasinthe kanthu, tidagonja ndi chigoli chomwe chija, titaphonya mipata itatu yoonekeratu imene palibe adaiwerengera aliyense. Tikutuluka, tidamupeza pasiteji akudikira minibasi ngati ife tomwe, nsapato zake zili mu jumbo, chipewa atachikokera kumaso. Anzake adali ataima patali pang'ono. Mdzukulu wanga adalimbikira kuti akufuna kumupatsa moni, ndipo tidapita. Mnyamatayo ataona imvi zanga adavula chipewa, nandigwira dzanja ndi manja awiri, nati, “Pepani madala, takukhumudwitsani.” Ndi mwana wa zaka mwina 20. Ndidamufunsa kwawo, ndipo ndidapeza kuti mayi ake, amene adatchulidwa m'bwalo muja, ambiri a inu mumagula tomato pa benchi lawo kumsika.

Timu yathu iseweranso pakhomo sabata ya mawa. Ine ndi mdzukulu wanga tidzakhala pamalo omwe aja, mzere wachitatu kuchokera pansi, kumbali ya kumadzulo. Mnyamata uja akadzagwira mpira koyamba ndidzaimirira ndi kuomba m'manja, ngakhale mawondo anga sakufunanso zoimirira pafupipafupi. Ndipo ndikuchenjezeni pasadakhale, inu amene timadziwana: ndikadzamva wina wa inu akuyamba zija, sindidzakuwa. Ndidzangocheuka nkukuitanani ndi dzina lanu lonse, ndi mfunda womwe, mokweza ndithu kuti oyandikana nanu adziwe kuti mawuwo ali ndi mwini wake.